Mayina awiri amene anandiletsa kutchula

Inu amene mwakhala pafupi ndi chitseko, musade nkhawa, sindilalikira. Inenso tsiku langa loyamba ndinakhala pomwepo kuti zikandinyansa ndituluke bwino. A Momade, amene amatiyendera kuchokera ku chipatala cha ku Cuamba, andipempha kuti ndinene zanga chifukwa lero pali nkhope zachilendo, makamaka anyamata amene mwangovula yunifomu chaposachedwa. Ndine Ernesto, kwathu ndi ku Massangulo koma ndinamanga konkuno ku Mandimba. Ndinali msilikali pa nkhondo yakale ija. Ndinathyola mkono wa akazi anga, a Rozalina, ndipo anachoka pakhomo. Ndayamba ndi zimenezo kuti wina asaganize kuti pano paima munthu wabwino amene zinangomuvuta pang'ono.

A tropa, asilikali a boma, anatitenga tili ku sekondale ku Cuamba, makope ali m'manja. Ntchito yathu inali kuperekeza malole pa msewu. Ndinali ndi anzanga awiri. Paulino anali Mmakhuwa wa ku Lúrio, wokonda kuimba koma mawu ngati khasu pa mwala. Saide anali Myao wa konkuno, Msilamu, sankasuta, ndiye fodya wake yense ankagwera ine. Tsiku lina lole yathu inaponda bomba la pansi, kenako zipolopolo zinayamba kuchokera m'tchire. Amene tinali ndi miyendo tinathawa. Awiriwo anatsala m'mbali mwa msewu. Pamene tinabwererako patapita masiku, tinapeza zimene afisi anasiya. Panalibe maliro, panalibe manda.

Nkhondo itatha, abale anga anali atangobwera kuchokera ku Malawi kumene anathawira. Ndinafika ndi chikwama changa, koma atsibweni anga a Benedito anandiimitsa panja. Anati munthu wochokera ku magazi salowa m'nyumba asanasambitsidwe. Banja lathu ndi lachikatolika kuyambira kale, koma pa zimenezi palibe amene anakafunsa padiri, wansembe wathu. Anapita nane kumtsinje ndi sing'anga, anandisambitsa ndi mankhwala, anatentha yunifomu ndi nsapato zomwe, nandiuza kuti ndiyende osacheuka. Tisanalowe m'mudzi atsibweni anandigwira phewa, nati: "Za kunkhondo zapita ndi madzi. Usazitchulenso, ngakhale kwa mkazi amene udzamukwatire. Akufa ukawatchula mayina amakutsata."

Ambiri a inu achikulire munauzidwa mawu omwewa. Ine ndinawasunga kuposa malamulo khumi. Ndinakwatira, tinabereka ana, woyamba Tina, ndinkalima fodya ndi chimanga. Ndinali wamkwiyo, anthu anandipatsa dzina loti a Kambuzi, ndipo ndinkalinyadira. Ndinkagona pang'ono, ndikumwa kachasu kuti tulo tibwere. A Rozalina akandifunsa kuti ndimaitana ndani kutulo, ndinkawauza kuti asamale za kukhitchini.

Chinandigwetsa ndi msewu. Pamene ankaukonza uwu wochokera ku Cuamba kupita ku Lichinga, anandilemba ntchito yosunga zipangizo chifukwa ndimadziwa kulemba Chipwitikizi. Pafupi ndi ife ankaphulitsa miyala. Kuphulika koyamba ndinapezeka ndili pansi pa tebulo, anyamata akuseka. Kuyambira pamenepo fungo la fumbi ndi dizilo linkandibwezera pa lole ija masanasana, maso ali otsegula. Kapitawo atandiseka pa anthu ndinamumenya ndi fosholo, ntchito inatha. Ndinayamba kumwa kuyambira m'mawa. Njinga ndinagulitsa, feteleza ndinagulitsa, munda wa fodya unasanduka tchire. Ana akandiona ndikubwera ankazembera kwa anansi.

Mnzanga wina anapita nane kwa mneneri ku Cuamba kuti andichotse chiwanda. Anandizungulira anthu ambiri, ng'oma zikulira, mneneri akukuwa m'khutu mwanga momwemu kuti tuluka, tuluka. Amene anatuluka ndine, nditamukankhira pa mabenchi. Sindikunyoza mapemphero a munthu. Ndikungoti msilikali wodwala ngati ine osamuzungulira, osamukuwira kumbuyo.

Za mkono zinachitika masana. Ndinali pakhonde ndikunola khasu, mutu uli ndi matsire. A Rozalina ankadutsa kumbuyo kwanga ndi beseni lachitsulo, linawapulumuka n'kugwa pa simenti. Sindikumbukira kutembenuka. Ndikukumbukira ali pansi atagwira mkono, mpini uli m'manja mwanga, iwo osalira n'komwe, akungondiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo. Apolisi ananditsekera masiku angapo. A Rozalina anakana kuti nkhani ipite kukhoti, koma atatuluka m'chipatala anapita kwa achimwene awo ku Itepela. Ankhoswe anandiuza mosabisa kuti ukwati sunathe koma uli pa ulusi, ndipo mkazi sabwerera kwa munthu amene sakudziwa chimene dzanja lake lichite.

Ndinapita ku chipatala cha ku Cuamba chifukwa cha mawu amenewo basi, osati chifukwa chokhulupirira. Atandilozera chitseko cha odwala maganizo ndinatukwana mlonda kuti ine si wamisala. Mkatimo ndinapeza a Momade awa, tekiniko wa matenda a maganizo, mwana wamng'ono kwa ine, Chinyanja chokhota ngati mmene mwachimvera nokha. Anandipatsa mpando woyang'ana kuchitseko ndisanapemphe. Anafunsa za tulo, za mowa, za kuphulika, nandiuza kuti matendawa amadziwika ndipo amagwira asilikali ambiri. Anandipatsa mapiritsi oti mtima ukhale pansi. Mpaka apo tinkamvana.

Ulendo wotsatira anati tsopano ndiwafotokozere zimene ndimaona. Ndinakana. Anafunsanso ulendo wina, ndinakananso, ndipo ndinawauza kuti andipatse mapiritsi anga ndizipita, komanso kuti iwo nthawi ya nkhondo anali akuyamwa. Anavomera kuti n'zoona. Kenako anafunsa ngati ndikukana chifukwa cha ululu kapena chifukwa wina anandiletsa.

Palibe anandifunsapo funso limenelo. Ndinawauza za kumtsinje, ndikudikira kuti aseke kapena andiphunzitse kuti zimenezo ndi zachikale, kuti ndipeze chifukwa chomenyetsera chitseko. Iwo anangoika cholembera pansi.

"Bambo Ernesto, ine sindingamasule chimene sindinamange. Atsibweni anu alipo?"

"Anamwalira kalekale."

"Nanga amene anatsala m'malo mwawo ndani? Pitani mukawafunse. Ndipo inu Akatolika, mulibe tsiku limene mumatchula mayina a akufa?"

Tsikulo lilipo, kumayambiriro kwa Novembala, pamene Akhristu amapita kumanda kukalambula ndi kupempherera akufa awo powatchula mayina. Ine tsiku limenelo chaka chilichonse ndinkakhala ku baraka ndikumwa. Zinatengera Msilamu, a Momade awa, kuti andikumbutse za tchalitchi changa, ndipo zinandikwiyitsa ulendo wonse wa pa shapa, minibasi zathu zija, mpaka ku Mandimba.

Amene anatsala ku banja la amayi anga ndi mayi aang'ono a Veronika, mlongo wawo wa atsibweni aja. Amagulitsa tomato ndi usipa m'mbali mwa msewu ku Massangulo, ndipo pakamwa pawo ndi pakuthwa kuposa panga. Ndinawapeza akukangana ndi wogula. Atamaliza anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati amva kale zimene ndinachita kwa mpongozi wawo, ndipo akanakhala ndi mphamvu akanandithyola mikono yonse iwiri. Ndinameza. Ndinawauza chimene ndabwerera, kuti ndikufuna kudziwa ngati mawu a atsibweni angamasulidwe.

Anasiya kupanga milu ya tomato.

"Iwe, zaka zonsezi sunauze munthu? Ngakhale mkazi wako?"

"Anandiletsa."

"Ndiwe chitsiru chophunzira. Tsiku lija ine ndinalipo. Achimwene ankaopa pakamwa pako. M'mudzi muno munabwerera ana a mbali zonse ziwiri, wa boma uyu, wa kutchire uyo, akutunga pa chitsime chimodzi. Ukanayamba kudzitama pa mowa kuti tinapha akutiakuti pamalo akuti, wina akanazindikira mwana wake, nkhondo ikanayambiranso pabwalo pompano. Anakutseka pakamwa kuti mudzi ukhale. Sanati uwole nazo m'mimba mpaka imvi."

Ndinafunsa za akufa otsata munthu akawatchula. Anati zimenezonso achimwene awo ankazikhulupirira, ndipo iwonso sangalumbire kuti n'zabodza. Koma anandifunsa ngati anthu angawo, pokhala sindinawatchule, anandisiya. Ndinati ayi. Anati ndiye kuti atopa kuima pakhomo osalonjeredwa.

Anasiyira mnzawo tomato, tinapita kumanda. Panjira anapatukira kunyumba n'kutapa kaufa m'kansalu. Ndinawakumbutsa kuti iwo ndi mayi wa bungwe la kutchalitchi. Anati padiri ali ndi ntchito zambiri, sangaone zonse. Pamanda a atsibweni anazula udzu pang'ono, anagwada movutikira, anathira ufa uja kumutu, nayankhula ngati akuyankhula ndi munthu amene wakhala pa mpando. Anati: "Achimwene, mwana wanu uja mawu munamupatsa anawasunga mopitirira. Mudzi unakhala, ntchito yanu inatheka. Tsopano mumumasule ayankhule, koma osati pa mowa." Kenako anachita chizindikiro cha mtanda, tinapemphera Atate Athu, nandiuza kuti ndiwadzutse chifukwa mawondo akana.

Sindinamve mphepo kapena kuona chizindikiro chilichonse. Ndinangomva njala, ndipo ndinadya bwino tsiku limenelo.

Novembala itayandikira ndinapita kwa akatekisita a ku Massangulo, a Tomé, kukawauza kuti ndili ndi mayina awiri. Pa Paulino sanavute. Pa Saide anayamba kukanda m'mutu, nati dzinalo likumveka lachisilamu, mwina afunse kaye. Magazi anandikwera. Ndinawauza kuti bomba lija silinafunse za ubatizo, ndipo ngati Saide satchulidwa ndiye Paulino nayenso akhale, chifukwa anagona limodzi pa msewu. Ndinali nditaimirira kale. Mkuluyo anandiuza kuti ndikhale pansi, nati sanakane, amangoganiza mokweza. Anati Mulungu ndi amene analenga onse awiri, ndipo ndidzawatchule ndekha ndi pakamwa panga.

Tsikulo kumanda kunali anthu ambiri, ndi makasu ndi matsache, dzuwa likuswa mtengo. Titatha kulambula tinasonkhana pansi pa mitengo. Anthu ankatchula awo mmodzimmodzi, gulu likuyankha pemphero lija lowapemphera mpumulo. Nthawi yanga inafika. Ndinaima ngati chitsa, thukuta likutsika. Palibe anandifulumizitsa. Mayi aang'ono anali kumbali kwanga, anandigunda ndi chigongono m'nthiti, mwamphamvu ndithu. Ndinati Paulino, wa ku Lúrio. Gulu linayankha. Ndinati Saide, wa ku Mandimba, amene analibe manda. Gulu linayankhanso chimodzimodzi, osasintha mawu. Pagululo panali bambo wina amene tonse timadziwa kuti nthawi ya nkhondo anali mbali inayo. Sanandiyang'ane, inenso sindinamuyang'ane. Anayankha pemphero ngati wina aliyense.

Ndinalira pamaso pa azimayi ndi ana, ine a Kambuzi, ndipo kumwamba sikunagwe. Nditawafotokozera a Momade, anati Lachisanu akapita ku mzikiti akamupempherera Saide monga mwa chipembedzo chake, kuti nayenso alandire zakwawo. Tsiku lomwelo ndinawafotokozera za lole ija kuyambira poyamba mpaka pa afisi. Zinatenga maulendo angapo, ndipo ulendo wina ndinasanza m'chidebe chawo cha zinyalala.

Tsono mvetsani, chifukwa apa ndi pamene anthu amanamizana. Sindinachire tsiku la kumanda lija. Maloto amabwerabe, kungoti masiku ano ndikadzuka ndimadziwa kuti ndili ku Mandimba. Mapiritsi ndikumwabe. Mkhristu mnzanga wina anandiuza kuti popeza ndapemphereredwa ndiwataye, kumwa mankhwala ndi kukayika Mulungu. Ndinamufunsa chifukwa chake iye amavala magalasi powerenga Baibulo. Munthu akakuuzani kuti musankhe pakati pa pemphero ndi chipatala, ameneyo sadzakhalapo tsiku limene mudzagwire mpini. Nawonso a Momade sanandiuzepo kuti ndisiye tchalitchi. Amandifunsa ngati ndikupita, monga mmene amafunsira za tulo.

Mowa ndinasiya, koma ndinagwa kamodzi. Pa chaka chatsopano ana ankaphulitsa makombola awo osewera aja, ndinathawira ku baraka, ndinadzuka m'ngalande. Ndinachita manyazi kubwerera kwa a Momade, koma ndinapita, ndipo sanandikalipire. Tinagwirizana kuti nyengo ya zikondwerero ndizipita kumudzi kumene kulibe phokoso. Mkwiyo nawo sunasamuke. Ndaphunzira kuumva ukamabwera, umayambira m'makutu kutentha. Ukatero ndimasiya chilichonse chili m'manja, ndimatuluka, ndimayenda ndikupemphera korona mpaka mkwiyowo utsike. Wina wa inu amene ndi Msilamu ali ndi tasibihi yake, a mipingo ina muli ndi nyimbo zanu. Gwirani chimene munakulira nacho, chifukwa mutu ukasokonekera pakamwa pamakumbukira zimene panaphunzira pa ubwana.

Ndipo za kunkhondo ndimazinena muno, kwa a Momade, ndi pamaso pa Mulungu. Ku baraka ayi, pa maliro ayi, kwa ana ofuna nthano za mfuti ayi. Pamenepo atsibweni ananena zoona. Inu anyamata amene mwabwera kumene, ngati akwanu akufuna kukusambitsani, sambani, musawanyoze. Koma akakuuzani kuti musayankhule, afunseni kuti kwa ndani, ndipo mpaka liti. Ine sindinafunse.

Ku Itepela ndinapita ndi ankhoswe mvula itayamba. Alamu anga sanandipatse moni wa dzanja. A Rozalina anatuluka, mkono utapola koma wopindika pang'ono, anakhala patali. Ankhoswe anayankhula zambiri, za mapiritsi, za tchalitchi, za kusiya mowa. Iwo anamvetsera mpaka onse anatha, kenako anati akufuna kuyankhula ndi ine pawiri. Tinakhala pansi pa chigafa cha fodya cha alamu, anthu akutionera patali.

"Bambo a Tina, amene mumawaitana kutulo aja ndani?"

Ndinawauza. Zonse, osachotsa. Sanandigwire dzanja, sanalire. Nditamaliza anati: "Ndiye zaka zonsezi ndakhala m'nyumba ndi amuna atatu, awiri osawadziwa mayina." Kenako anati amva, koma mkono wawo nawonso uli ndi zimene ukukumbukira, ndipo sabwera lero. Ndinamva makutu akutentha. Ndinaimirira, ndinayenda mpaka kumsewu, ndinabwerera, ndinati chabwino. Alamu anga anandiperekeza mpaka pokwerera shapa, mwina pofuna kutsimikiza kuti ndapitadi.

Ndinalima ndekha chaka chimenecho, kamunda kakang'ono ka fodya. Nthawi yosankha masamba itakwana, a Rozalina anatulukira ndi kachikwama. Anati abwera kudzathandiza kusankha fodya basi, chifukwa ine sindisiyanitsa tsamba labwino ndi chinyalala, ndipo ndingachititse ana manyazi kumsika. Anandiuzanso malamulo awo. Tsiku limene adzamve fungo la kachasu adzakwera shapa osatsanzika. Tsiku la chipatala azipita nane kuti amve okha zimene a Momade akunena. Madzi ndizitunga ine, chifukwa mkono uja sungathenso kukweza ndowa kufika pamutu. Ndimatunga. Amuna anzanga amandiseka pa mjigo, ndipo ndimawasiya aseke, chifukwa amene anathyola mkonowo ndine.

Fodya tinasankha, tinagulitsa, nyengo inatha. Sananene kuti akhala, sananene kuti akupita. Zovala zawo zikadali m'chikwama chija, ndipo ine sindifunsa. Sindingakulonjezeni kuti akazi anu adzabwerera, ena sabwerera ndipo ali ndi chifukwa. Koma dzulo ndikuchokera kotunga madzi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akubzala chinangwa, cha mtundu uja wochedwa, chimene munthu amadikira kupitirira chaka kuti akumbe. Ndinatula ndowa, ndinaima pamenepo. Iwo osadzutsa mutu anati mbewu yawathera, mizere iwiri yatsala, ndipo ndikatuluka muno ndidzere kwa alongo anga ndikapemphe ina.